Mkamwini Amene Ankadziwa Kaphinde

Uthenga wa imfa ya a Zuze unatipeza patapita milungu itatu chiwaikire m'manda. Unabwera ndi munthu wa njinga wogulitsa fodya, wochokera ku Vubwi, ndipo sikuti anayendera uthengawo ayi. Anaima pachitsime kupempha madzi akumwa, n'kufunsa dzina la mudzi. Titamuuza anati, "Oho, ndi kuno? Kwathu kwamwalira nkhalamba ina imene inkangotchula mudzi uno ndi kamtsinje kake." Anamwa madzi, n'kukwera njinga yake.

Amalume anga a Lameki atamva anati Mulungu awalandire, n'kupitiriza kusema goli la ng'ombe. Palibe analira. Palibe ananyamula ufa kukapepesa. Tsiku lomwelo nyumba zambiri m'mudzi muno zinadyera matemba ouma a m'Kaphinde, kamtsinje kathu komweko, ndipo sindinamve munthu ndi mmodzi yemwe akutchula amene anatisungira matembawo.

Ndiye ndilemba ine. Sukulu ndinalekeza Sitandade 4. Anandichotsa ndi amalume omwewa, ati mtsikana akadziwa kulemba kalata zakwana. Chabwino. Kalata yake ndi ino.

A Zuze Mbewe sanali a kuno. Anachokera ku Vubwi, kufupi ndi malire a Apwitikizi, n'kudzakwatira aNaphiri, akulu awo a agogo anga. Anabwera ali mnyamata, amayi anga asanabadwe, ndipo anachita imvi kuno akadali mkamwini. Mkamwini nonse mukumudziwa: amalima munda wa eni, amabereka ana a eni, pamilandu amakhala kumbuyo. Ana awo awiri anamwalira ali aang'ono. Wachitatu anapita ku Halale kukafuna ntchito, n'kutchona. Choncho analibe wowalankhulira.

Anali munthu wamfupi, wa miyendo yowonda yodzaza zipsera za minga ya milamba. Chikhadabo cha chala chawo chachikulu chinang'ambika pakati chifukwa chong'amba nsungwi, ndipo sichinagwirane mpaka kalekale. Ankanunkha matope ndi fodya wofwenkha. Malankhulidwe awo a kumalire sanawasiye, ndipo ana ankawayeseza akatembenuka. Kutchalitchi ankapita, koma ankakhala pafupi ndi khomo, kuti mitambo ikasintha aione. Sanali munthu wofatsa. Musandiuze kuti popeza amwalira ndiwasandutse nkhosa. Ankatukwana, ankasunga mangawa, ndipo akakupeza ukuchapa zovala pamwamba pa miono yawo ankakutchula ndi agogo ako omwe.

Ine ankanditcha mkazi wawo, monga amachitira agogo ndi zidzukulu. "Mkazi wanga wophunzira," ankatero, "tandiwerengera zimene alemba pamadzipa." Ndikati palibe cholembedwa, ankagwedeza mutu. "Sukulu yonse ija! Taona udzu wagonera kuti. Taona thovu likuzungulira pati."

Kaphinde si mtsinje woti munthu angadzitame nawo kuboma ku Katete. M'chilimwe mwana amaulumpha, ndipo malo ena umangokhala mchenga. Umayambira m'dambo kunsi kwa phiri, pamene madzi amatuluka m'maso atatu pakati pa udzu. Ukatuluka m'dambomo umalowa m'bango, umakhota kawiri kuseri kwa manda akale, n'kugwera pa mwala wotalika kufika m'chiuno, umene timautcha Pamwala. Kunsi kwake kuli Dziwe la Ng'ona, mmene simunakhalepo ng'ona chiyambire. Kenako pali Pamkuyu, pafupi ndi mudzi, pamene chigwa chimatakasuka ndipo mchenga ndi wambiri. Ukapitirira pamenepo umalandira madzi a kakhwawa ka nsungwi kochokera kudzanja lamanzere, umayenda m'mitengo ya katope, mpaka kukathira mu Kapoche. Munthu wamphamvu amauyenda wonse kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka.

Tonse tinkadziwa maina amenewa. A Zuze ankadziwa zimene zili pansi. Ankadziwa dziwe limene limauma loyamba ndi limene silinaumepo, muzu umene pansi pake pamagona milamba, ndi malo amene nkhanu zimakumba mvula ikayandikira. Chachikulu chimene ankatiuza, mpaka makutu kuwawa, chinali chakuti Kaphinde alibe nsomba zakezake. Nsomba zake ndi alendo ochokera mu Kapoche. Madzi ofiira a mvula yoyamba akatsika, nsombazo zimakwera zili ndi mazira, zimalumpha Pamwala, n'kukaswana m'udzu wa m'dambo. Mvula ikamatha, chimanga chitayamba kuuma, zimatsika ndi ana awo. Ankati wokwera sagwidwa, amagwidwa ndi wotsika. Biyo lawo, mpanda uja wa mitengo ndi udzu wodutsa mtsinje, ankalimanga masika okhaokha, miono itayang'ana kumtunda, ndipo mbali imodzi ankasiya mpata woti mbuzi ingadutse. Anthu akadandaula kuti nsomba zikuthawira pamenepo, ankawafunsa ngati mbewu ya chimanga amaikazinganso.

Miono yawo inali yosiyana ndi ya wina aliyense. Ankaluka motalikitsa nsungwi pang'ono, kuti tinsomba tosakwana chala tituluke. Amayi ena ankati mono wa a Zuze ngwodontha. Koma masika akafika, amayi omwewo ndiwo ankayamba kuima pakhomo pawo.

Mkangano wawo woyamba waukulu ndi amalume a Lameki unali wa katupe. Chaka china chilimwe chitafika poipa, ndiwo zitasowa, amalume ndi anzawo anasinja katupe n'kuthira m'Dziwe la Ng'ona. Nsomba zinayandama zonse, zazikulu ndi zazing'ono, ndi achule omwe. Iwo anatola zazikulu n'kupita. A Zuze anatenga lichero la aNaphiri, n'kutola tinsomba tonse takufa totsala m'mphepete, n'kutisunga masiku awiri padzuwa. Lamulungu m'mawa, amalume atavala jekete lawo la ukulu wa mpingo, anatsegula chitseko n'kupeza mulu wa zowola pakhonde, a Zuze atakhala pambali pake.

"Mwaiwala ndiwo zanu kudziwe, a Lameki. Ndakubweretserani."

"Kodi mwapenga? Lero ndi Sabata!"

"Nanga izi munaziphera kuti zidzadyedwe liti?"

"Dziwe limenelo ndi la mbumba yathu. Inu ndinu mkamwini chabe."

"Inde," anatero a Zuze. "Mkamwini amene anakuvuulani m'dziwe lomwelo muli ndi mamina, mutamwa madzi ngati tonde."

Anthu opita kutchalitchi anaseka, ena mpaka kukhala pansi. Amalume sanaseke. Sanaiwalenso. Koma katupe sanathiridwenso m'Kaphinde, chifukwa palibe ankafuna kudzuka ndi fungo limene lija pakhonde.

ANaphiri anamwalira ine ndisanachoke pasukulu. Mwambo wake ndi wodziwika: mkazi akamwalira, maliro akatha, eni mbumba amasudzula mwamunayo kuti abwerere kwawo. Koma aNaphiri anali atawaona kale amalume. Ali gone pamphasa anaitanitsa abale, n'kunena pamaso pa onse kuti dimba lawo la m'kakhwawa ka nsungwi asalande munthu, mwamuna wawo azilima ndi kudya momwemo malinga dimbalo lilipo. Mawu a womwalira amaopedwa, ngakhale ndi akulu a mpingo. Choncho a Zuze anakhala. Dimbalo linali laling'ono, la nthochi, nzimbe ndi mpiru, koma ndilo lokha linkawagwira m'mudzi muno. Aliyense ankadziwa zimenezi. Iwonso ankadziwa.

Nkhani ya damu inabwera m'zaka zomwezi za boma la Chitaganya, pamene munthu aliyense wobwera ndi zikhomo ndi chingwe tinkamuyang'ana ndi diso limodzi. Amalume ndiwo anakapempha damulo. Anali ndi ng'ombe zambiri kuposa wina aliyense, ndi ngolo, ndipo anatopa kukumba mchenga m'chilimwe kuti zimwe. Ankafuna damu Pamkuyu, kunsi kwa khola lawo. Kunena zoona, madzi a ng'ombe tonse tinkawafuna. Sindikutsutsa zimenezo.

Kunabwera mzungu wa madamu ndi kapitawo wake womasulira, dzuwa la Okutobala lili pamutu. Mudzi wonse unatsikira Pamkuyu kukaonerera. Kapitawo atayamba kukhoma zikhomo kudutsa mtsinje, a Zuze anatuluka m'gulu atanyamula nsungwi yaitali kuposa anthu awiri.

"Mufunseni bwana wanuyo," anatero, "ngati mtsinje uno wauyenda."

"Akamwini, bwererani kumbuyo," anatero amalume. "Pano pakulankhula eni."

"Eni alankhule. Ine ndikufunsa mlendo."

Mzunguyo anafuna kudziwa chimene nkhalambayo ikunena. Atamasuliridwa anayankha kuti mtsinje wauona pamapu. A Zuze anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anaimika nsungwi ija pamchenga, pakati penipeni pa mzere wa zikhomo, n'kuyamba kuipukusa. Inalowa. Inalowabe. Panatsala kachidutswa kokwana dzanja.

"Madzi ako adzayenda pansi apa ngati mbewa," anatero. "Koma zimenezo ndi zako, ndiwe wa madamu. Zanga ndi izi: khoma lako lidzatseka njira. Tiye ndikakuonetse."

Sindikudziwa chimene chinamugwira mzunguyo. Mwina manyazi. Anavomera kuti m'mawa mwake ayende nawo mtsinje wonse. Tinatsatira anthu ambiri, ena kufuna kuona mzungu akugwa ndi dzuwa. Tinayambira kumathiriro, pamene Kaphinde amalowa mu Kapoche. A Zuze anali patsogolo, opanda nsapato, osacheuka. M'mitengo ya katope anagwada, n'kulowetsa mkono wonse m'matope pansi pa muzu, pamalo ooneka ouma gwa, n'kutulutsa mlamba wamoyo ukupiringizika. Anauonetsa, n'kuubwezera, n'kutsekapo ndi matope.

Mzunguyo anaima. Anafunsa chifukwa chake aubwezera. A Zuze anati umenewo ukudikira mvula ngati ife tomwe. Apo mzunguyo anayamba kulankhula zambiri, kapitawo akuvutika kumutsatira. Anati kwawo ku Mangalande kulinso kamtsinje kotere, kothira mumtsinje waukulu, ka madzi oyera oti umaona miyala pansi. Anati anakulira m'mbali mwake, ndipo nakonso nsomba zimakwera kukaswana kumtunda. Anatulutsa kabokosi m'thumba n'kuonetsa mbedza zomangidwa tinthenga, ati nsomba za kwawo zimayesa ntchentche. A Zuze anazitembenuza ndi chala chong'ambika chija.

"Nsomba za kwanu n'zopusa," anatero. "Za kuno zimafuna nyongolotsi yeniyeni. Nanga kamtsinjeko kali ndi mwini?"

Kapitawo anamasulira. Kali naye, munthu wolemera.

"Ndiye amene amakadziwa?"

Mzunguyo anaseka. Anati ayi, mwiniyo amabwera mwa apo ndi apo. Amene amakadziwa ndi nkhalamba ina yosunga mtsinjewo, imene imadula udzu wa m'madzi ndi kuthamangitsa ogwira nsomba za mazira.

A Zuze anacheuka koyamba tsiku limenelo, n'kuyang'ana amalume. "Mwamva, a Lameki? Nakonso kuli akamwini."

Pamwala anamuonetsa mzunguyo ngalande yosalala m'mbali mwa mwalawo, mmene madzi amayenda mofatsa ndipo nsomba zimakwerera. Tinafika kudambo dzuwa litapendeka, mzunguyo nkhope itafiira ngati phwetekere, malaya atamatirira pamsana. A Zuze anapatula udzu ndi phazi pamene pali maso atatu aja.

"Apa ndi pachikuta pa nsomba. Ukatseka Pamkuyu, sizidzafika kuno. Chaka choyamba tidzadya zotsala. Chachiwiri tidzadya nkhanu. Chachitatu ana awa adzafunsa kuti mono ndi chiyani."

Mzunguyo anakhala pachulu n'kuvula chipewa. Anati wamva, Pamkuyu sakhomapo kanthu. Koma ng'ombe zikufunabe madzi, ndipo iye sangabwerere ku Katete wopanda malo. Pakufunika khwawa la m'mbali, lopapatiza, la mwala uku ndi uku, la dothi la makande pansi, losauma msanga. Kodi lilipo?

Malo otero m'dera lonse lino ndi amodzi okha, ndipo mwana aliyense ankawadziwa. Ndinaona nkhope ya amalume ikumasuka pang'onopang'ono.

"Anene okha," anatero amalume mofatsa. "Si ndiwo odziwa mtsinje?"

A Zuze akanatha kunena kuti kulibe. Akanatha kuloza khwawa lina la kutali, mzunguyo n'kukalipima, n'kulephera, n'kupita kumudzi wina. Koma ankadziwa kuti akatero amalume adzapemphanso, ndipo wobwera kachiwiri sadzayenda mtsinje ndi nkhalamba. Ine ndinalephera kupirira.

"Agogo, khalani chete!" ndinakuwa, pamaso pa akuluakulu onse.

"Tamumvani mkazi wanga," anatero a Zuze. "Akulirira nzimbe zanga, osati ine." Anthu anaseka pang'ono, kuseka kwa manyazi. Kenako anatembenukira kwa kapitawo. "Muuze kuti lilipo. Kakhwawa ka nsungwi. Mwala uli uku ndi uku, makande afika m'khosi. Ndalimamo zaka zambiri, ndikudziwa. Nsomba sizikweramo, n'kotsetsereka kwambiri. Amange pamenepo."

Mzunguyo anasangalala, n'kuwagwira chanza. Sanadziwe chimene chachitika, ndipo palibe anamuuza. Kapitawo, amene anali Mchewa mnzathu, anamva m'manong'onong'o a azimayi, n'kufunsa motsitsa mawu ngati nkhalambayo ikufuna kuti afotokoze za dimbalo. A Zuze anakana. Anati sanayende tsiku lonse kuti akapemphe chisoni kumapeto.

Chilimwe chotsatira damu linamangidwa. Amuna a m'mudzi anakumba, ng'ombe zinakoka dothi, ndipo a Zuze anadula okha nthochi zawo n'kugawira azimayi mbewu yake. Ankapita tsiku lililonse kukatukwana omanga kuti sakupondaponda dothi mokwanira. Khoma litatha, amalume sanadikire ngakhale kuti madzi adzaze. Anaitanitsa abale, n'kunena bwinobwino, ndi ulemu wonse, kuti mawu a malemu asungidwa mpaka pamapeto, dimba kulibenso, ndipo tsopano akuwamasula a Mbewe kuti akapume kwa abale awo. Agogo anga, ang'ono awo a aNaphiri, analira. Amayi anga anayang'ana pansi. Palibe anatsutsa. Ine ndinatsegula pakamwa, amayi n'kunditsina pantchafu mpaka kutuluka magazi.

A Zuze anapempha chinthu chimodzi: akhale mpaka madzi ofiira atsike. Anawalola. Mvula yoyamba yamphamvu itagwa, m'mawa mwake ndinawapeza ataima Pamkuyu, madzi ali m'maondo, akuyang'ana misana yakuda ikudutsa m'mbali mwa miyendo yawo kulowera kumtunda. Sanagwire ndi imodzi yomwe.

"Zachedwa chaka chino," anatero. "Koma zabwera. Iwe wophunzira, masika ukaone kuti asiya mpata pabiyo. Akakana, tukwana. Pakamwa uli napo."

"Mukakhala ndi yani kumeneko?"

"Kuli zidzukulu za mlongo wanga. Sizindidziwa. Zikandidziwa ndi kutukwana."

Patapita masiku awiri ananyamuka ndi mphasa, nkhwangwa ndi mpeni wong'ambira nsungwi. Miono yonse anaisiyira azimayi, aliyense wake, kupatula akazi a amalume. Ndinakuuzani kuti ankasunga mangawa.

Papita masika atatu. Damu silinaphwepo, ndipo ng'ombe za amalume zanenepa. Alendo akabwera, amalume amawatengera kumeneko n'kuwauza kuti malowo anasankha ndi iwo. Nsomba zimakwera chaka ndi chaka. Midzi iwiri ya kutsidya, imene inatsekera mitsinje yawo pakati, imabwera kuno masika ndi madengu a mtedza kudzasinthitsa ndi matemba. Mpata pabiyo umasiyidwa. Kawiri konse ndatukwana amuna aakulu chifukwa cha mpatawo, ndipo akuti n'chifukwa chake sindikwatiwa. Ziwakhalire.

Dzulo ndinapita pamene panali nyumba yawo, kumapeto kwa mudzi. Denga anasasula kalekale, udzu wake anafolera khola la nkhunda. Makoma anagwera m'kati, ndipo pa mulu wa dothiwo pamera maungu amene palibe anabzala. Mbuzi zimagona pamene panali khonde. Zatsala nsanamira ziwiri za pakhomo, za mtengo wa muwanga, zimene chiswe chalephera. Ndinali ndisanazindikirepo chinthu chimodzi mpaka nditaima pakati pake. Nyumba zonse za m'mudzi muno zimayang'ana pabwalo. Ukaima pakhomo la a Zuze, mudzi wonse uli kumsana kwako, ndipo kutsogolo kuli kanjira kotsikira kumadzi, kamene udzu wayamba kutseka.